Zobwera Kumanzere

Dzina loti Bilimankhwe anamupatsa ndi makolo a ana a sukulu ya mkaka, ndipo iye sankadana nalo. Minibasi yachikasu imene ankatengera anawo m'mawa ndi masana inkayenda ngati yanyamula mazira. Apanjinga ankamupitirira, madalaivala anzake ankamuimbira hutala kumbuyo mpaka kutulutsa mitu pawindo, koma iye ankangoti kuthamanga si kufika. Chimene ankanyadira kwenikweni anali maso ake. Ukamupatsa mpata pang'ono ankakuuza kuti iye amaona kutsogolo, kumbuyo ndi m'mbali nthawi imodzi, ndipo ankanena zimenezi kawirikawiri moti mkazi wake ankamalizitsa yekha chiganizocho. Koma zinali zoona kuti imvi zinamumera ali pachiwongolero osagundapo ngakhale nkhuku. Ntchito ina sankaidziwa, ndipo sankafuna kuidziwa.

Loweruka lina masana mvula inamutsekereza mushopu ya mlamu wake, mlongo wa mkazi wake, amene ankakonza mafoni. Kuseri kwa katani kunali kachipinda kokhala ndi kanema wamkulu ndi sofa yong'ambika, mmene anyamata a m'deralo ankasewereramo magemu. Tsiku limenelo mvula inawabalalitsa onse.

"Alamu, lero simuthawa," anatero wamafoniyo akukankha katani. "Mwakhala mukunyoza kuti izi n'za ana. Khalani apa, tiwaone maso otchukawo."

"Ine ndi imvi zangazi ndiziwombera zidole?"

"Zidole zake zimabwezatu. Kapena mukuopa?"

Mawu amenewo ndi amene amagwetsa amuna ambiri, ndipo anamugwetsanso Bilimankhwe. Anakhala pasofa n'kulandira kachipangizo ka mabatani kogwira ndi manja awiri. Mlamuyo anamuonetsa mwachangu: chala chachikulu chakumanzere n'choyendetsera munthu, chakumanja n'cholozetsera mfuti, batani lapansi n'lowombera.

Pakanemapo panaoneka mwamuna wa jekete lofiira, mfuti ili m'manja, atamufulatira.

"Nanga bwanji wandipatsa nkhongo? Atembenuke ndimuone nkhope."

"Nkhope simudzaiona. Munthuyo ndinuyo. Ntchito yanu n'kumutsatira kumbuyo ngati mchira."

Gemuyo inalibe moni. Sinafotokoze kuti mwamunayo ndani, kapena kuti analakwira ndani. Nyimbo inangoyamba kugunda, chitseko chachitsulo chinatseguka, ndipo iye anapezeka m'bwalo la fakitale lodzaza makontena ndi mapaipi otulutsa nthunzi. Kenako anabwera maloboti a miyendo inayi, maso ofiira, akuthamanga chozyolika ngati agalu olusa. Bilimankhwe anayamba ndi kuwombera khoma, kumwamba, ngakhale mapazi ake omwe, mlamu wake akuseka chikhakhali. Koma manja a dalaivala sachedwa kuphunzira. Loboti loyamba litaphulika, manambala achikasu n'kudumpha pamwamba pake, anamva kukoma kumene sanakuyembekezere. Zinali ngati kuyendetsa galimoto basi: pali thupi patsogolo pako, ndipo kuti lifike lamoyo zili kwa iwe. Anagwetsa lachiwiri, lachitatu, n'kuyamba kudzitama.

"Mwaona? Bweretsani ena. Awa ndi ochepa."

Asanatseke pakamwa kanema yense anafiira. Mwamuna wa jekete uja anagwada, n'kugwa chafufumimba.

"Aa! Chandipha n'chiyani?"

"Lija linabwera kumanzere. Munangoliyang'ana ngati ndi mlendo wanu."

"Kunalibe kanthu kumanzere."

"Chabwino, munafa ndi malungo. Yambiraninso."

Anayambiranso. Anadutsa makontena aja bwinobwino, akumanja onse anawasesa, kenako kanema anafiiranso. Ulendo wachitatu zinali chimodzimodzi. Sankaona chilichonse chikubwera. Mwamunayo ankangogwedezeka ngati wamenyedwa ndi mphepo, n'kugwa. Mlamu wake anaseka mpaka kupukuta misozi ndi malaya, akuti nkhani imeneyi akaifotokoza kwa madalaivala onse, kuti Bilimankhwe wadyedwa ndi zidole masanasana.

"Makina anuwa ndi akuba," anatero Bilimankhwe atakwiya. "Munthu amafa bwanji osachenjezedwa?"

"Akuchenjezani mpaka atopa. Simukuona kamzere ka moyo kakuphethira?"

"Kamzere kati?"

"Aka, pakona apa."

Bilimankhwe anatembenuza mutu kutsatira chala cha mlamu wake. Pakona yakumanzere panali mzere wofiira, wautali ngati rula ya mwana wasukulu, ukuyaka n'kuzima. Pansi pake panali kamapu kozungulira kokhala ndi timadontho toyenda. Sizinali zinthu zazing'ono zoti munthu n'kuziphonya. Anabweza maso pamsana pa mwamuna uja, ndipo mzerewo unasowa. Anatembenukanso, unabwerera.

Mlamuyo anali atasiya kuseka. Anazimitsa nyimbo, n'kukoka mpando kukhala moyang'anizana naye.

"Yang'anani pamphuno panga, musasunthe maso. Zala zingati izi?"

"Ziwiri."

"Nanga mbali iyi?"

"Kwezani kaye dzanjalo."

"Ndakweza kale, alamu."

Anayesa atatseka diso limodzi, anayesa atatseka linalo, koma zinali chimodzimodzi. Chimene chinamuopsa kwambiri chinali chakuti kunalibe mdima. Akanaona chibanga chakuda, bwenzi atadziwa pomwe pali vuto n'kumapazemba. Koma chipindacho chinkaoneka chathunthu, chowala, chopanda chosowa. Dziko linangothera pamphuno pa mlamu wake popanda kumutsanzika. Pomwepo anakumbukira mutu woopsa umene unamugwira m'mawa wina masabata apitawo, umene anauthetsa ndi mapiritsi a pagolosale. Anakumbukira phewa limene ankangoligunditsa pafelemu ya chitseko cha kubafa, ndi tsiku limene anakalipira mkazi wake kuti wachotsa kapu patebulo, kapuyo ili pomwepo pafupi ndi chigongono chake.

"Izi n'zakuchipatala," anatero mlamuyo motsitsa mawu.

"N'kutopa chabe."

"Alamu, mumanyamula ana a eni."

"Ndiye mukundiuza ine? Adokotala akangoona izi, laisensi yapita. Pa msinkhu uno ndikagwira ntchito yanji? Ndizikakuthandizani kumata magalasi a mafoni?" Anaimirira. "Musakawauze achemwali anu. Ndikupemphani ngati mwamuna mnzanu."

Mvula inali itakata. Msewu wopita kwawo ankaudziwa ngati chikhatho chake, koma tsikulo unamusandukira. Anthu ankangobadwa mumpweya pafupi ndi phewa lake lakumanzere. Mayi wina wosenza beseni anatulukira poti sipanali munthu. Wanjinga anamugunda ndi chigongono n'kumufunsa ngati maso anawasiya kunyumba. Pampata wowolokera anaima nthawi yaitali, magalimoto atatha kale, mpaka mtsikana wogulitsa mayunitsi anayamba kumuyang'ana modabwa.

Kunyumba anapeza mkazi wake akusita malaya ake oyera a kuntchito.

"Mwachedwatu, bambo. Achimwene akuchedwetsani ndi nkhani zawo zosatha?"

"Mvula."

"Nanga nkhope yagwa chonchi bwanji? Akuberani?"

"Ayi, ndangotopa."

Anakhala pampando wake n'kuusuntha pang'ono kuti mkaziyo akhale kudzanja lamanja. Mayiyo anapitiriza kusita, akudandaula za kolala imene thukuta linaidetsa. Bilimankhwe ankayang'ana malayawo ndipo ankachita mantha ngati kuti ndi yunifolomu ya munthu wina imene waiba.

Lamlungu masana anabwereranso kushopu. Anyamata awiri amene anawapeza pasofa anawathamangitsa ndi diso lokha.

"Yatsani," anauza mlamu wake.

"Mwabwera kudzafanso?"

"Ndaganiza njira. Yatsani."

Njira yake inali khosi. Ngati maso akana kupita kumanzere, mutu wonse upiteko. Anayamba kuugwedeza uku ndi uku ngati fani ya muofesi: kumanzere, kutsogolo, kumanzere, kutsogolo. Poyamba zinamuchititsa chizungulire ndipo mfuti inkalozera kwina. Anafa pamakontena. Anafa pamasitepe. Koma pang'ono ndi pang'ono anayamba kuwagwira malobotiwo akadali patali, maso awo ofiira akungotulukira kuseri kwa mapaipi. Apa m'pamene anaona kuti dzulo lonse ankasewera theka la gemu. Kumanzere kunali makwerero, kunali zitseko, kunali mabokosi a zipolopolo amene ankangowadutsa. Kunalinso mtundu wina wa loboti, lalitali, loyenda mwakachetechete m'mbali mwa khoma, limene silinkathamanga n'komwe. Limeneli ndi limene linkamupha. Ataliona koyamba likumuyandikira mosapupuluma, tsitsi linamuima, ngakhale ankadziwa kuti ndi chithunzi chabe.

Gawo lotsatira linali loipa kuposa. Fakitale inayaka moto, ndipo anthu ogwira ntchito, ovala zipewa zoyera, anatuluka m'chipinda china manja ali m'mwamba n'kuyamba kumutsatira. Ankayenera kuwadutsitsa pamlatho wachitsulo mpaka kugeti. Sankathamanga mofanana. Wina ankatsalira, wina ankapatukira kumbali, ndipo loboti likagwira mmodzi pankamveka kakufuula kafupi, kenako chipewa chokha n'kumagubuduka pansi. Kakufuula kameneko kankamulasa mumtima. Nyimbo inkathamanga, utsi unkaphimba njira, manja ake ananyowa mpaka kachipangizo kankaterera. Nthawi zonse wotayika ankakhala wa kumanzere. Ankayang'ana, n'kuona kuti onse alipo, n'kutembenukira kutsogolo kuti awombere, ndipo m'kanthawi komweko wina ankapita.

Anayambiranso, n'kuyambiranso, khosi likuwawa ngati wasenza thumba la simenti. Dzuwa litapendeka anafika nawo onse pageti. Kanema anawala, manambala anathamanga, mwamuna wa jekete uja anakweza mfuti m'mwamba, nkhope osaionetsabe.

"Mwaona!" anakuwa Bilimankhwe. "Onse! Palibe watsala. Khosi ndi diso lachitatu, alamu."

Mlamuyo sanaombe m'manja. Anali ataima pakatani, kasikuludiraiva kali m'manja.

"Mwataya angati musanafike pamenepo?"

"Zimenezo zilibe ntchito. Ndimaphunzira."

"Apa pali batani loyambiranso. Pamsewu mukalipeza kuti?"

"Pamsewu palibe maloboti. Njira ndimaidziwa, liwiro langa mumalidziwa. Mawa lokha. Ndikawatula ana masana, ndipita ndekha kuchipatala."

"Mukunama, alamu."

Bilimankhwe ankanamadi.

"Mawa madzulo ndikubwera kwanu," anatero mlamuyo. "Mukakhala kuti simunawauze achemwali, ndiwauza ine. Mudane nane, palibe kanthu."

Lolemba kunacha bwino, kopanda mtambo. Anavala malaya oyera aja, n'kupita kusukulu kukatenga minibasi. Anaizungulira kawiri, anapukuta magalasi onse, galasi lakumanzere n'kulipukutanso. Atakhala pampando anazindikira chinthu chimene sanachiganizirepo pa zaka zonsezi: chitseko chokwerera ana chili kumanzere. Mageti a nyumba zawo ali kumanzere. Chilichonse chimene analembedwera ntchito chinali mbali imene inamuthawa. Anapemphera mwachidule n'kuliza injini.

Anayenda pang'onopang'ono kuposa masiku onse, mutu ukugwira ntchito yake. Kumanzere, kutsogolo, kumanzere, kutsogolo. Pageti loyamba anakwera mapasa, pachiwiri mnyamata wolira tsiku lililonse, ndipo zonse zinayenda bwino. Anaona wanjinga akadali patali. Anaona galu, anaona ngolo ya zinyalala. Chilichonse chimene wachiona ankachiwerengera ngati chigonjetso, koma mtima sunatsike, chifukwa sankadziwa zimene sanazione. Thukuta linatsika mumsana n'kumata malaya kumpando.

Ana anazindikira msanga.

"Ankolo akuvina!" anakuwa mmodzi wa mapasa aja.

Minibasi yonse inayamba kugwedeza mitu uku ndi uku, ikuseka. Masiku ena akanaseka nawo, mwina n'kuwayambitsira nyimbo.

"Khalani chete!" anakalipa, ndipo anawo anadabwa n'kukhala duu, poti Ankolo sankakalipa.

Nyumba yomaliza inali ya geti labuluu, mumsewu wopapatiza. Kumeneko kunkakhala kamtsikana kakang'ono kuposa onse, kamene anzake ankakatcha Kachikwama chifukwa chikwama chake chinkafika m'mawondo. Bilimankhwe anaima n'kuyang'ana. Geti linali lotseka. Anaimba hutala, n'kudikira, n'kuyang'ananso. Panalibe munthu. Anaganiza kuti mwina lero kadwala. Mumtima anamva kupepukidwa: watsala ndi makona awiri okha kuti afike kusukulu, ndipo palibe chachitika. Mlamu uja ndi wamantha chabe.

Kumbuyo kunkabwera lole ya mchenga. Anayang'ana pagalasi lakumanja kuti idutse kaye. Inadutsa mwaulesi, ikulira, ikutaya fumbi. Itangotha anachotsa phazi pabuleki, ndipo minibasi inayamba kusuntha.

"Ankolo, Kachikwama!"

Anaponda buleki ndi mphamvu zake zonse. Ana anagundana, botolo la madzi linagubuduka mpaka kutsogolo. Anatembenuza mutu.

Pakona yakumanzere, m'munsi mwa galasi lakutsogolo, pankaoneka nsonga ya chikwama ndi kariboni koyera. Kamtsikanako kanali kataima kutsogolo kwa tayala, kadzanja kake kali panyali ya galimoto, ngati kakuiletsa kuti isakasiye. Kanasuzumira m'mwamba n'kumuseka, mano awiri akutsogolo palibe. Kankaganiza kuti Ankolo akukaseweretsa.

Mayi ake anatulukira pageti akuthamanga, tawulo lili kumutu.

"Pepani, Ankolo, tachedwa! Nsapato imodzi inabisala pansi pa bedi. Iwenso, ndakuuza kangati kuti uzindidikira?"

Anakanyamula, anatsegula chitseko, anakakhazika pampando, n'kutseka. Anaweramira pawindo akumwetulira.

"Koma inu ndiye mumatipumitsa mtima. Bambo ake amati mwana akakwera kwa a Bilimankhwe ndiye kuti wafika kale. Muyende bwino."

Analowa, geti linatsekeka. Sanaone chilichonse. Ana anali atayamba kale kukanganirana botolo lija. Mumsewu monse panalibe munthu amene anadziwa zimene zinatsala pang'ono kuchitika, ndipo Bilimankhwe anaona kuti akhoza kungopita. Makona awiri okha. Masana akanabweranso, mawa akanasamala kwambiri, ndipo mlamu akanamunyengerera. Dzanja lake linafika pagiya.

Koma mwendo unakana. Phazi linakhalabe pabuleki. Anayang'ana kumanzere: panalibe kanthu. Anayang'ana kutsogolo, ndipo nthawi yomweyo sanadziwenso ngati kumanzere kukadali kopanda kanthu. Anayang'ananso. Anabwerera kutsogolo. Mantha amene anamugwira sanali a ntchito, kapena a laisensi, kapena a zimene madalaivala anzake adzanene. Ankaopa phazi lake lomwe.

Anakoka handibuleki n'kuzimitsa injini. Mumsewumo munangoti zii.

Foni anaitulutsa ndi manja awiri. Mayi mwini sukulu anayankha mwansangala.

"Mwadzuka bwanji, a Bilimankhwe? Mwafika pati?"

"Mayi, tumizani dalaivala wina. Ndili pageti labuluu, kwa Kachikwama. Ana onse ali bwino."

"Yawonongeka? Si yachokera kugaraja sabata yatha yomweyi?"

"Galimoto ili bwino. Ndine amene sindikuona."

Kumbali inayo mafunso anayamba kugwa ngati matalala. Anayankha amene akanatha. Sanabise za mutu uja, kapena zoti anadziwa kuyambira Loweruka. Mawu a mayiwo anasintha, anauma, ndipo iye sanawadandaule.

Anatsika, n'kuzungulira kutsogolo akugwira galimotoyo ndi dzanja, n'kukaima atatsamira chitseko cha ana kuti wina asatsegule. Kachikwama kanagogoda pagalasi ndi kachala.

"Ankolo, galimoto yadwala?"

"Ayi, mwanangu. Khala pansi, akubwera ankolo ena."

"Nanga inuyo?"

Anayang'ana kumbali kuti kasaone nkhope yake. Dalaivala winayo anafika panjinga yamoto, mnyamata wa ndevu zosakwana, amene analandira makiyi osadziwa poyang'ana. Minibasi yachikasu inanyamuka mwaliwiro limene inali isanayendepo, timanja tikubayibitsa pamawindo, n'kukhota pakona.

Bilimankhwe anatsala yekha pageti la eni, atavala malaya oyera. Kwawo sikunali kutali, koma panali msewu waukulu pakati. Anayenda mpaka m'mphepete mwake n'kuima. Magalimoto ankadutsa, ena akuoneka, ena akungomveka. Anatulutsanso foni.

"Mayi," anatero Bilimankhwe mkazi wake atangoyankha foni, "siyani zimene mukuchitazo, mubwere mudzanditenge. Ndili pamsewu waukulu, pafupi ndi pothirira mafuta."

"Mwachita ngozi? Ana ali kuti?"

"Ana apita, ali bwino. Ndikuuzani zonse. Ingobwerani, mayi. Ndikuopa kuwoloka ndekha."